Milungu m'Dengu

Madzi atafika pakhomo la kachisi
tambala asanalire kachiwiri,
ndinali ndi dengu limodzi, chitenje chimodzi,
ndi milungu isanu ndi iwiri.

Ife Anyagombe sitigwadira mmodzi.
Mmodzi angathe bwanji kuweta mitambo,
kulondera mapira, kuwongolera bwato,
n'kuziziritsanso mwana wotentha thupi usiku womwewo?
Ntchito n'kugawana, ngakhale kumwamba.

Ndinayamba ndi Nyamatope, woumbidwa ndi dongo,
amene amatibwezera munda chaka ndi chaka
atausuntha pang'ono kuti tikangane malire.
Kenako Chitentha, mwini Okutobala, wosemedwa pa tsanya,
amene timamuthira madzi pamutu
kuti atichitire chisoni masana.
Kakwera, wogwira akakolo a anyamata pamigwalangwa,
dontho loyamba la uchema ndi lake.
Nyanyika wa zaka za njala, wokhala pansi pa dambo,
wotisungira nyika pakati pa ng'ona.
Ndi mapasa aja, Lumani ndi Lirani, eni udzudzu.
Amenewo sitiwakonda ayi.
Timangowafukizira ndowe za ng'ombe madzulo
kuti akagone kwa anzathu kutsidya.

Wachisanu ndi chiwiri ndi mwala,
Nyachigumu, mwini madzi osefukira.
Zuze wabwato anaugwedeza ndi phazi, nati,
Mayi Nyathando, bwato ladzaza,
sankhani, mwala kapena mbuzi.
Ndinakweza mbuzi.
Madziwa ndi ake, ndinatero, adzisamale yekha.

Tinadutsa pamwamba pa msika wa Makhanga,
nkhafi ikukhudza malata.
Nkhuku pa denga, njoka pa nthambi,
njinga ya munthu itakodwa m'mtengo wa masawu.
Mafunde ankalowa m'bwato pang'onopang'ono
ndipo Nyamatope anayamba kufewa pamiyendo panga.
Mphuno inachoka, kenako bere lakumanzere.
Ndinamufunditsa, ndinamuimbira,
ndinamutchula maina ake onse anayi.
Pofika ku Bangula ndinali nditanyamula thope.

Pamsasa, mnyamata wa kabuku anafunsa,
Pabanja panu mulipo angati?
Ndinati asanu ndi mmodzi, wina wasungunuka panjira.
Anasuzumira m'dengu, anandiyang'ana,
nalemba: mmodzi.
Bulangeti limodzi, chidebe chimodzi.

Tsopano timagona m'kalasi, pansi pa bolodi
lomwe lidakali ndi masamu osamaliza.
Chitentha wachita nkhungu kumsana.
Kakwera alibe uchema, ndimamunyambitsa phala la soya.
Mapasa okha ndiwo akusangalala,
anthu mazana atatu, maneti makumi awiri.
Mayi wa pamphasa yoyandikana amaimba za kutchalitchi kwawo
ndipo amatembenuzira dengu langa kukhoma,
koma dzulo anandibwereka mchere
nafunsa monong'ona kuti wa malungo ndi uti.

Chitenje chija sindinachape.

Shire akabwerera m'njira yake ndidzapita.
Ndikudziwa chomwe ndikapeze:
Nyamatope ponseponse, wofika m'mawondo,
atakwirira mjigo, manda a amuna anga, ndi malire onse,
wonona, wakuda, wofuna mbewu.
Ndidzatapa dzanja limodzi n'kumuumbanso.
Aka n'kachitatu chibadwire changa
ndipo mphuno siituluka chimodzimodzi.
Yomwe anaumba azakhali inali yaitali,
yanga imafanana ndi ya mwana wanga Tchale
amene anapita kukadula nzimbe ku Nchalo osabweranso.

Nyachigumu ndikamupeza pomwe ndinamusiya,
wouma, wosalala, ndere zili m'khosi ngati mikanda,
akudikira mowa wake ngati sipanachitike kanthu.
Ndidzamupatsa, inde.
Mwambo ndi mwambo, ndipo Januwale adzabweranso.
Koma ndidzayamba ndasesa, ndadyetsa mbuzi,
ndayanika mphasa, ndakhala pansi.
Chikho chake chidzakhala chaching'ono chija, chong'aluka,
ndipo ndidzathira nditayang'ana kumbali.