Wakuba wa ku Kapata

Mwana wasukulu uja, wa tayi yokhota,
anakweza dzanja n'kufunsa:
"Nanga nkhani zonsezi mumazitenga kuti?"
Ndinaloza kumutu. Ndinanama.
Aphunzitsi anawomba m'manja.

Zoona zake, mwanawe, ndine wakuba.

Ndimaba pa njinga ya Yotamu,
nditakhala kumbuyo pa kamtsamiro kong'ambika,
iye akupalasa kulowera ku Kapata,
thukuta litajambula mapu pamsana pake.
Amalankhula osacheuka
ndipo mphepo imadula mawu pakati:
"...ndiye apongozi akuti ng'ombe ija si..."
Lole yathonje yadutsa. Basi, zapita.
Theka linalo ndimakasoka ndekha usiku
magetsi atazima.

Ndinabapo kwa a Lekesina Shawa a salaula,
tsiku lomwe anapisa m'thumba la jekete
n'kutulutsa kiyi ndi dzino la mwana.
Anaseka, naponya dzinolo m'ngalande.
Madzulo ndinabwerera kukalifuna ndi kamtengo.
Sindinalipeze,
koma mwini jekete uja ananditsatira mpaka kunyumba
ndipo anakhala nane zaka ziwiri,
masamba mazana atatu.

Kukhoti ndimakhala benchi lakumbuyo
ngati mbale wa woimbidwa mlandu.
Wina anati, "Mbuziyo sindinabe, inanditsatira."
Ndinalemba padzanja.
Ku Mwami kuli mnyamata wosintha ndalama,
amawerenga makwacha a uku ndi a uko osayang'ana,
chala chokha chikunyambitidwa,
koma ukamupatsa cholembera amati maso akumuwawa.

Zina ndimaba ndikuchita manyazi.
Kuchipatala, pabedi loyandikana ndi la malume,
bambo wina ankasenda lalanje pang'onopang'ono,
kuchotsa ulusi woyera umodzi umodzi,
kusendera mkazi amene anamwino
anali atamufunditsa kale nsalu kumaso.
Ndinayang'ana kumbali.
Koma diso la wakuba silitsinzina lonse.

Musaganize kuti sindinagwidwepo.
Mlongo wanga Tikambenji anawerenga buku lachiwiri
ali pamphasa, akutongola nshawa.
Anafika penapake, nshawa zinaleka kulira.
"Wangosintha dzina la mwamuna," anatero.
"Ngakhale chipsera wachisiya pomwepo, pansi pa khutu."
Ndinati ndi nthano chabe.
Anati, "Nthano inandimenya ndi chitsulo chositira?"
Kuyambira pamenepo, ndikafika pakhomo pake
amakamba za mvula ndi mtengo wa feteleza.
Ana ake amawauza, "Khalani chete, amalume abwera."

Ndiye pali ina
imene sindiba, chifukwa ndi yanga kale.
Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.
Atate anakwera basi ya ku Lusaka kusanache,
nkhuku ili m'katoni yobooledwa,
nati abwera Lachisanu.
Sananene Lachisanu liti.
M'buku lililonse ndimaikamo munthu wotsika basi,
wonyamula katoni yopanda kanthu,
akufunsa njira ya ku Mchini.
Mkonzi amamuzunguliza ndi inki yofiira:
"Uyu ndani? Sakuchita kalikonse m'nkhani. Chotsani."
Ndimachotsa.
Buku lotsatira watsikanso.

Lero phiri la Kanjala lavala utsi,
akuwotcha tchire, Okutobala wayandikira,
ndipo pepala langa ndi loyera ngati ufa wa pamphale.
Sabata yachitatu tsopano.
Ndavala nsapato.
Yotamu ali pamphambano, phazi limodzi pansi,
akuti ng'ombe ija inabereka
ndipo mlandu wakula.

Mwanawe wa tayi yokhota,
ukadzafuna kulemba, usakhale kutsogolo.
Khala pomwe anthu amaiwala kuti ulipo.
Ndipo ukadzaba za mlongo wako,
chipsera uchisunthe.