Mpando wa Teremu Yoyamba

Malichi, ku Valparaíso.
Ndinakwera masitepe zana ndi makumi anayi
chikwama cha utoto chili paphewa,
utoto umene amalume anatenga pangongole,
machubu atatu ofiira, awiri abuluu,
mumtima ndikuti likamafika Lachisanu
ndidzakhala nditajambula doko lonse ndi sitima zake.

Mayi Urrutia anautsekera m'kabati.
Anatigawira makala, ndi kachidutswa ka buledi kofufutira,
n'kuika mpando pakati pa chipinda,
mpando wamba, mwendo umodzi womanga ndi waya.
"Mpandowu musaujambule," anatero.
"Jambulani mpata uli pakati pa miyendo yake,
malo amene mpando wasiyira mphepo."

Masabata asanu ndi limodzi, mpando womwewo.
Zala bii, mphuno bii, kolala ya malaya bii.
Kunyumba amayi anafunsa ngati ndikuphunziradi zojambula
kapena ndapeza ganyu kosungira malasha.
Nahuel, wa kumanzere kwanga,
ankadya buledi wake isanakwane teni koloko
n'kuyamba kupempha wanga.
Mizere yake inkakhotakhota ngati tinjira ta m'phiri lathu,
koma mpando wake unkaoneka kuti munthu wangodzukapo kumene.
Wanga unali wowongoka, waukhondo,
wosakhalidwapo chiupangireni.

Tsiku losankha phunziro lapadera ndinachedwa.
Chikepe cha m'phiri chinafa, ndinathamanga wapansi,
ndinapeza pepala la kalasi ya utoto litadzaza mpaka m'mphepete,
la kamera chimodzimodzi, la zosindikiza chimodzimodzi.
Lotsala linali la zikombole, chipinda chapansi,
kwa Bambo Olavarría a chala chodukira,
kumene kumanunkha chinyezi ndi sopo.
Ndinasaina ndi ukali, bolopeni n'kuboola pepala.
Pamwamba pa dzina langa panali la Nahuel.
Iye sanachedwe. Anasankha dala.

Tinaphunzira kusakaniza pulasitala:
madzi kaye, ufa pambuyo, pang'onopang'ono,
n'kudikira mpaka afunde ngati chinthu chamoyo.
Tinaumba chikombole cha ndimu, cha kiyi, cha nsapato ya mwana.
Kenako anati aliyense atenge dzanja la mnzake.
Nahuel anaviika lake m'beseni, mphindi makumi awiri osaligwedeza,
akukamba za bwato la bambo ake limene injini inatha,
za fizi ya teremu yachiwiri.
Ine maso pa wotchi, ndikungoti eya, eya.
Nthaka inagwedezeka pang'ono, monga ichitira kuno,
mababu anavina, palibe anathawa,
koma chikombole chinang'aluka pa chala chachikulu.
Ndinatukwana. Iye anaseka, nati ming'alu nayonso ndi yake.

Ogasiti tsopano, mvula ikumenya malata.
Kabati yatsegulidwa.
Chubu chimodzi chabuluu ndachipeza chitauma gwaa.
Tikuphunzira kusakaniza mitundu,
ati imvi ilipo yofunda, ilipo yozizira,
ndipo ndadzaza nayo mapepala khumi.
Pa sitovu ndi pomwe aliyense akulimbirana kukhala.
Kumanzere kwanga Ximena amaikako jasi lake lonyowa.
Akuti Nahuel amatsitsa makatoni a nsomba usiku ku Caleta Portales.
Foni imalira, sayankha.

Chikombole chija chili pawindo la kuchipinda kwanga.
Sindinathiremo kanthu.
Bambo Olavarría anandidula malikisi,
analemba ndi pensulo kuti ntchito yosamaliza,
ndipo sananame.
Ndikasuzumiramo ndimaona mizere ya m'chikhatho,
chipsera cha mbedza,
ndi kadontho ka makala kamene pulasitala anatola kuchikhadabo.
Dzulo ndinapisamo dzanja langa.
Linalowa lonse, mpata n'kutsalabe.

Mawa eyiti koloko, Mayi Urrutia akuti tibwere ndi dzira.