Pa Benchi ya Chipatala ku Ulongwe

Namwino wandifunsa: angati?
Ndati: mmodzi.
Walemba osadzutsa mutu.

Mmodzi, ndithu.
Ine sindinakwere lole ya ku Zobuwe,
ngakhale dalaivala wa dzino lagolide uja
anandionetsa foni yong'aluka pakona
ndi mametikali mazana asanu.
Anakwera ndi Deolinda.
Tinamuseka kumjigo, tonse,
atabwerako ndi nsapato zagogoda
akuyenda ngati mwanawang'ombe wobadwa kumene.

Ine ndinasankha Horasiyo,
wa kalasi yachikhumi,
malaya oyera, ositidwa mpaka kolala,
woimba kwaya Lamulungu m'mawa,
khungu see, ngati kachewere wongokumba.
Ndinkati matenda amaoneka.
Ndinkati wodwala amaonda, amatsokomola,
amanunkha kachasu.
Horasiyo ankanunkhira sopo.

Sindinafunse wogula sopoyo.

Nditatchula za kondomu
anandiyang'ana ngati ndamutukwanira mayi.
Kodi sundikhulupirira?
Manyazi anandigwira pakhosi,
ndinameza funso langa ngati mbewu ya bwemba.

Dzana ndi pomwe ndamva:
mayi wa bala ya kuseri kwa msika,
amene amuna ake amakumba malasha ku Moatize
nabwera pakutha pa mwezi,
fumbi lakuda m'makutu,
ndi zina za kumeneko zosasambika.
Ndawerenga pa zala:
Horasiyo, mayiyo, bamboyo,
amene amachapira bamboyo ku Moatize,
ndi wa ameneyonso, sindimudziwa dzina.
Dzanja latha.
Ndimayesa tili awiri,
kani ndinalowa pamzere
wautali kuposa malole a pamlatho wa Zambezi.

Dontho limodzi la magazi
lachoka pa chala chomwe chija ndinkalozera Deolinda.
Akuti ndidikire mphindi khumi ndi zisanu.
Panja njinga zamoto zikulira,
wina akutsatsa mapichesi,
belu la kusukulu lalira popanda ine.

Wina wakhala pambali panga.
Nsapato zija zatha chidendene.
Sanandifunse chomwe ndadzera,
sanaseke.
Wamasula nsonga ya chitenje,
wandigawira mtedza wokazinga,
ndipo tikutafuna pang'onopang'ono
maso ali pa chitseko chobiriwira.

Kaya mzere utuluka umodzi, kaya iwiri,
mawa ndikamudikira Horasiyo pageti.
Benchi iyi ndi yaitali,
malo ake alipo.

Chitseko chatseguka.
Aitana dzina langa lonse,
ndi la bambo anga lomwe.