Makilogalamu Makumi Asanu ndi Atatu

Mwini khola anawalemba ndi choko pachitseko,
kuti hatchi isamve kulemera kwanga Loweruka.
Amayi ananditcha Donnacha,
koma m'mawa uliwonse sikelo ndi imene imandiuza kuti ndine yani.

Kuno ku Kildare mvula siidziwa nyengo.
Ndimadzuka kusanache, khofi wopanda shuga,
ndathamangitsa hatchi zinayi nkhungu isanachoke paudzu.
Masana apulo mmodzi, womudula tizidutswa khumi
kuti ndinamize maso.
Madzulo ndimathamanga nditavala jekete yapulasitiki,
thukuta lili kamukamu.
Anzanga amati, mnyamatayu ngolimba mtima.

Kenako imakwana leveni koloko usiku.

Sindiganiza. Miyendo imapita yokha.
Buledi wathunthu, batala ndikukomba ndi chala,
mbatatesi zadzulo zozizira,
mabisiketi a Fintan wa chipinda chinacho,
nyemba za m'chitini osatenthetsa n'komwe.
Ndimadya chiimire, nyali ya mufiriji ili pankhope,
kukoma kunatha kalekale, manja sakumva.
M'mutu mumangoti zii.
Bata limenelo ndi limene ndimalondola,
pakuti mmenemo mulibe bambo anga
akuwerenga zotsatira za mpikisano m'nyuzipepala,
kuipinda bwinobwino, osanena kanthu.

Manyazi amafika pambuyo, ngati mwini nyumba wodzatenga lendi.
Ndimatsegula mpopi kuti Fintan asamve.
Zala ziwiri.
Ndikatha ndimalumbira kuti mawa sindilawa chilichonse,
osadziwa kuti lumbirolo ndi mbewu ya usiku wamawa.

Woyamba kuona anali dokotala wa mano.
Anayang'ana kuseri kwa mano akutsogolo nthawi yaitali,
kenako anayang'ana zipsera pazala zanga.

Dokotala Hegarty anajambula kuseri kwa envulopu.
Anati, thupi lako silidziwa za Loweruka,
likungodziwa kuti kwagwa chilala.
Ukalimana tsiku lonse, shuga amatsika m'magazi,
m'mimba mumatumiza amithenga kukafuula kuubongo,
ndipo ubongo wanjala umaona buledi ngati chipulumutso.
Uthenga woti wakhuta, mwa iwe umafika mochedwa,
ngati kalata yosochera papositi.
Ndinati, ndiye kuti ndine wofooka.
Anati, hatchi ukaikoka zingwe kuyambira m'mawa,
dzanja likangotopa imatani?
Ndinati, imathawa nawe.
Sanawonjezere.

Anandifunsa ngati kwathu aliponso wina.
Ndinakana, koma ndili m'basi ndinakumbukira azakhali anga a Bríd,
mmene ankasowera tikangomaliza kudya pa Khirisimasi,
ndi phokoso la mpopi kuseri kwa khoma.
Zina timasiyirana m'magazi pamodzi ndi mtundu wa maso.

Mchere wina umene mtima umadalira wachepa, anatero mawa lake,
n'chifukwa chake ukugunda modumphadumpha.
Mankhwala oyamba anawalemba papepala:
uzidya maola atatu alionse, njala ilipo kapena ayi.
Ndagwapo pahatchi yothamanga, kuthyoka phewa,
koma sindinaopepo chinthu ngati pepala limenelo.

Lero ndi Lachiwiri.
Phala lili m'mbale, utsi wake ukukwera pawindo.
Sikelo yati makumi asanu ndi asanu,
ndipo Loweruka adzakwera ndi Fintan.
Sabata yatha ndinagwanso kawiri; ndinalemba m'kabuku, monga anandiuzira,
nthawi yake, ndi chimene chinandipweteka chisanachitike.
Kawiri konse bambo anali ataimba foni.

Kukhola, hatchi yanga yofiira ikupukusa chakudya chake,
mutu wonse m'ndowa, osayang'ana ngati wina akuiona.
Ikakhuta imangoleka,
n'kupita kukanunkhiza mvula pachitseko.
Ndimaima n'kumaiyang'ana kusiyana ndi kale.
Kenako ndimabwerera kukhitchini,
supuni ili m'manja, theka la phala likundidikira, litazizira.