Batani Lachitatu

Mu holo ya ukwati ku Plovdiv,
pakati pa tebulo la keke ndi khomo la kukhitchini,
gulu lonse la oyimba ndine ndekha.
Dzanja lamanzere lalamula besi ndi ng'oma,
lamanja likuthamangitsa nyimbo,
phazi pa chopondera ngati dalaivala wa basi.

Pansi pa batani lachitatu pamagona Zdravko:
masekondi khumi ndi imodzi a kilarineti yake.
Ndinawajambula m'galaja mwake
chaka chimene chifuwa chinamuyamba.
Ndinadula mutu, ndinadula mchira
kuti mathero azilumana ndi chiyambi,
koma mpweya umene anakoka asanalize
ndinausiya momwemo.

Kiyibodi iyi ili ndi mwambo wake.
Ukadina msanga, siyikumvera.
Kanyali kamangoti phethi, phethi,
kudikira kugunda koyamba kwa mzere wotsatira,
kenako chitseko n'kutseguka.
Zdravko ali moyo sankadikira munthu.
Ankalowa pakati pa nyimbo
ngati mphaka wolowera pawindo,
ine n'kumamulondola m'mbuyo, ndikutukwana.

Usiku uno a Stoimen, atsibweni a mkwatibwi,
akukoka mzere wa ovina,
kampango m'mwamba, kolala ili chonyowa,
ndipo athamanga kuposa mmene ndinakonzera.
Ndagogoda liwiro ndi chala kanayi.
Nambala yakwera: 96, 101, 108.
Ndadina.

Kudikirako n'kwa theka la mpweya.
Ndimamva mafoloko.
Ndimamva mtima wanga ukuwerenga molakwa.

Ndiye walowa, ndendende,
makina amufinya kuti akwane m'mapazi a amoyo.
Akuliza mofulumira kuposa mmene zala zake zinkathera,
osatsokomola, osapempha rakiya,
kuzungulira n'kubwerera pa mpweya uja,
kuukokanso, kuukokanso,
munthu amene mapapo anamukana.

Kamtsikana ka nsapato zoyera
kazungulira kuseri kwa sipika,
kasuzumira pansi pa nsalu ya tebulo langa.
Kapeza nthambo zokhazokha ndi botolo la madzi.
Kandiyang'ana ngati ndabisa munthu.
Sindinakatsutse.

A Stoimen agwa pampando, holo yonse m'manja.
Woperekera zakudya akundikodola: keke, keke.
Ndadinanso batani kuti akhale chete.
Kanyali kaphethira.
Iye akumaliza kaye mzere wake,
mpaka kanoti kotsiriza kokhota kaja.

Pokhapo ndiye sanasinthe.