Woyamba Kutchula

Ku Madurai dzuwa likuswa mtengo,
Thenmozhi chiweramire pa maikulosikopu kuyambira mbandakucha.
Pakagalasi pagona kathiripisi,
kochepa kuposa nyenyeswa ya mpunga,
mapiko ake mphonje zokhazokha.

Anakakutumula m'duwa la jasimini zaka zinayi zapitazo,
m'munda umene bambo ake, a Veluchamy,
ankathyolamo maluwa kukadali mdima, nyali pamphumi.
Anawerenga mfundo za tinyanga: zisanu ndi zitatu.
Anawerenga tsitsi la pamsana, limodzilimodzi,
mpaka maso kuchita chidima.
M'mabuku onse kanalibe mbale.
Ndiye anakapatsa chiwongo cha Chilatini,
kumapeto n'kulumikiza dzina la malemuwo,
munthu amene sanagwirepo cholembera,
ankangodinda chala.

Lero kwafika phukusi lochokera ku London.
Kagalasi kachikasu, guluu wake wong'aluka,
kapepala ka 1926, kolembedwa ndi dzanja lonjenjemera.
Mfundo zisanu ndi zitatu.
Tsitsi lomwe lija, pamalo omwe aja.

Lamulo la maina lilibe chisoni:
woyamba kutchula ndiye mwini dzina.
A Veluchamy atsikira m'munsi mwa tsamba,
m'timalemba ting'onoting'ono,
kumene amasonkhana maina ofika mochedwa.

Akonza yekha cholakwacho, asayina,
azimitsa getsi.
Pachipata mtsikana akugulitsa jasimini wolukira pachingwe.
Agula mkono umodzi,
akutumulira pachikhatho mwa chizolowezi.
Tiwiri tigwa, tiyamba kuyenda m'mizere ya dzanja,
tosadziwa n'komwe kuti lero tasintha dzina.