Mbala ya M'fulasiki

Ndimagulitsa tiyi pa depoti ya Lilongwe,
wakuda bii, wodzutsa ndi makondakitala omwe.
Wotsala ndimapita naye ku Kawale
kuti Nasimango amwere mapiritsi ake a magazi.

Dzana ku Bwaila namwino anam'kokera chikope pansi:
mbuu, ngati mkati mwa chinangwa.
Akuti m'tsamba la tiyi muli kanthu,
kaja kamathimbiritsa kapu,
kakakumana ndi ayironi m'matumbo
kamam'manga manja, n'kutuluka naye
asanalonjere magazi.

Miyezi isanu ndakhala ndikunyamula mbala m'fulasiki,
ine n'kumati chikondi.

Lero ndagula mandimu atatu.
Akuti chowawasa ndicho chimamasula chingwe.
Ndafinyira pa bonongwe.
Iye wakwinya nkhope, kenako waseka,
wam'mimbayo wakankha kachidendene.

Tiyi adikire kaye, dzuwa lipendeke.